Kiyibodi Ikamalemba Zina, Kapena Kompyuta Ikakana Kukulowetsani

Vuto ili landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse pamodzi. Munthu amabwera laputopu ili m'manja, akuti kiyibodi yafa, kapena akuti pasiwedi yomwe wakhala akulowera zaka zitatu lero kompyuta ikuikana. Kawirikawiri kiyibodiyo imakhala ili bwinobwino, ndipo pasiwedi ndi yomwe ija. Chasintha ndi momwe kompyuta ikumvera mabatani. Batani palokha silitumiza chilembo ayi. Limatumiza nambala yosonyeza malo ake pa kiyibodi, ndipo Windows, Linux kapena macOS ndi amene amamasulira nambalayo kuti ikhale "a" kapena "q", potengera masanjidwe a zilembo omwe asankhidwa, amene kompyuta imawatcha layout. Layout ikasintha, kiyibodi yabwinobwino imayamba kulankhula chinenero cha eni.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti ena amafika atafomata kale. Zithunzi za ana, zolemba za kusukulu, mabuku a bizinesi, zonse zapita chifukwa cha vuto lomwe likanatha ndi mabatani awiri. Chonde musafomate musanayese zili m'munsimu.

Mayeso awiri oyambirira

Musanasinthe chilichonse, dziwani kaye ngati vuto lili m'chitsulo kapena m'mapulogalamu.

- Lumikizani kiyibodi ina ya waya ya USB. Ikamalakwitsanso chimodzimodzi, vuto lili m'kompyuta momwemo, ndipo kugula kiyibodi yatsopano n'kutaya ndalama. Ikamalemba bwino, kayikirani kiyibodi yakale.
- Zimitsani kompyuta, muyatsenso, ndipo ikangoyaka dinani mobwerezabwereza batani lolowera mu BIOS, pulogalamu ya m'makina momwemo yomwe imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyaka. Limakhala F2, F10, Del kapena Esc malinga ndi amene anapanga makinawo. Ngati mabatani akuyenda bwino mu BIOS, kiyibodi ili moyo, chifukwa pamenepo Windows kapena Linux amakhala asanadzuke.

Kiyibodi za Bluetooth zambiri sizigwira ntchito mu BIOS, kotero musaiweruze kuti yafa chifukwa cha mayeso amenewa.

Mukudina chilembo china, kukutuluka china

Choyambitsa chachikulu ndi layout yomwe yasintha mwangozi. Pa Windows, kudina batani la Windows pamodzi ndi Space kumasintha layout, chimodzimodzinso Alt ya kumanzere pamodzi ndi Shift. Zala zimagunda mabatani amenewa munthu osazindikira. Yang'anani pakona ya kumanja, pansi pa sikirini, pafupi ndi wotchi. Pamalembedwa ENG ndi zilembo zina monga US, UK kapena INTL. Mmene kiyibodi ikulakwitsira zimakuuzani layout yomwe mwagweramo:

- Shift ndi 2 ikutulutsa " m'malo mwa @, ndipo Shift ndi 3 ikutulutsa £ m'malo mwa #: muli pa UK pomwe kiyibodi yanu ndi ya US.
- A wasinthana ndi Q, Z wasinthana ndi W, ndipo manambala akufuna Shift: ndi AZERTY ya Chifalansa.
- Y wasinthana ndi Z: ndi QWERTZ ya Chijeremani.

Bwererani ku layout yoyenera, kenako chotsani yomwe simuifuna kuti vutoli lisabwerenso. Pa Windows 11 pitani ku Settings, Time & language, Language & region, dinani timadontho titatu pa chinenero chanu, sankhani Language options, muchotse kiyibodi yosafunikayo. Pa GNOME, imodzi mwa ma desktop a Linux, mabatani osinthira ndi Super (batani la chizindikiro cha Windows) ndi Space, ndipo mndandanda uli mu Settings pa Keyboard. Pa Mac ndi Control ndi Space, kapena batani lokhala ndi chithunzi cha dziko.

Chachiwiri chimatisautsa kwambiri ife olemba Chichewa, ndipo anthu ochepa okha amachizindikira. Ndi layout yotchedwa United States-International. Pa iyo nkhodolero simatuluka mukangoidina. Imadikira chilembo chotsatira kuti ikhale pamwamba pake. Mukalemba "ng'ombe" mumapeza "ngómbe", mukalemba "n'chifukwa" mumapeza "nçhifukwa", koma "m'manja" amatuluka bwino, ndipo munthu amasokonezeka poona kuti batani limodzi lomwelo likugwira ntchito pena, pena ayi. Batanilo silinawonongeke. Sinthani kupita ku US wamba, kapena ngati mukuifunabe layout imeneyi, muzidina Space mukatha kudina nkhodolero. Amene amafuna ŵ pa Windows angamupeze pa United Kingdom Extended: AltGr (Alt ya kumanja) pamodzi ndi 6, kenako w.

Chachitatu, chosachitika kawirikawiri, ndi pulogalamu yosinthanitsa mabatani. Keyboard Manager ya mu PowerToys ndi AutoHotkey zimasintha mabatani pokhapokha zikamayenda, ndiye mukazitseka vuto limatha. SharpKeys ndi yosiyana: imalemba zosinthazo mu registry, nkhokwe yomwe Windows imasungamo makonzedwe ake, pa Scancode Map, ndipo zimakhalabe ngakhale mutachotsa pulogalamuyo. Njira yosaopsa ndi kuitsegulanso, kufufuta zosinthazo, kudina Write to Registry, n'kuyambitsanso kompyuta.

Zilembo za kumanja zikutulutsa manambala

U akutulutsa 4, I akutulutsa 5, O akutulutsa 6, J K L akutulutsa 1 2 3, M akutulutsa 0. Imeneyi ndi Num Lock pa laputopu yopanda mabatani apadera a manambala. Dinani Fn pamodzi ndi NumLk. Ngati batanilo kulibe, tsegulani kiyibodi ya pa sikirini podina Windows, Ctrl ndi O, lowani pa Options, yatsani numeric key pad, muzimitse NumLock ndi mausi.

Pa Mac, mabatani omwewa akangoti zii osatulutsa kanthu, ndi Mouse Keys yomwe yayaka. Izimitseni mu System Settings, Accessibility, Pointer Control.

Mabatani akuchedwa, akudumpha, kapena Shift ndi Ctrl zikukhala ngati zakanirira

1. *Filter Keys.* Imayaka mukakanikiza Shift ya kumanja kwa masekondi 8. Kompyuta imayamba kunyalanyaza kudina kwachangu, ndipo kiyibodi imaoneka ngati yafa kwa munthu wolemba mofulumira. Yesani kukanikiza chilembo chimodzi kwa masekondi awiri. Chikatuluka, mwapeza vuto.
2. *Sticky Keys.* Imayaka mukadina Shift kasanu motsatizana. Shift, Ctrl kapena Alt imakhala ngati yagwiridwa ngakhale mwachotsa chala. Ziwiri zonsezi zimazimitsidwa mu Settings, Accessibility, Keyboard pa Windows 11, kapena Ease of Access pa Windows 10. Zimitsaninso njira zachidule zoziyatsira ngati m'nyumba mwanu mulibe wozifuna. Zinapangidwira anthu omwe manja awo amavutika kudina mabatani awiri nthawi imodzi, ndiye pa kompyuta yogawana funsani kaye.
3. *Fn Lock.* F1 mpaka F12 akusintha voliyumu ndi kuwala m'malo mogwira ntchito yawo. Pa malaputopu ambiri Fn ndi Esc zimabweza zimenezi.
4. *Zinyalala pansi pa batani.* Tsegulani kiyibodi ya pa sikirini. Shift, Ctrl kapena Alt ikakanirira imaoneka yowala. Zimitsani makina, atembenuzeni, gwedezani pang'onopang'ono, kapena uzirani ndi mpweya wa m'chitini. Musazule mabatani a laputopu ndi mpeni, timapulasitiki ta pansi pake timathyoka msanga.
5. *Batire la kiyibodi yopanda waya.* Likamatha, zilembo zimadumpha kapena kubwerezabwereza.

Pasiwedi yolondola ikukanidwa

Apa m'pamene anthu amataya mtima, ndipo m'pamene muyenera kudekha. Musapitirize kuyesa mwachisawawa. Pa Windows 11 yoikidwa chatsopano, kulakwitsa maulendo 10 kumatseka akaunti kwa mphindi 10, ndipo makompyuta a kuntchito amatha kukhala okhwimitsa kuposa pamenepo.

Choyamba onani zimene mukulemba. M'bokosi la pasiwedi la Windows muli kachizindikiro ka diso. Kanikizani ndi mausi, zilembo zidzaoneka. Ndi mmene mungagwirire Caps Lock, Num Lock, kapena @ yemwe wasanduka ".

Ngati zilembo zikutuluka zina, dziwani kuti sikirini yolowera ili ndi layout yakeyake, yomwe ingasiyane ndi ya mkati mwa akaunti yanu. Pakona ya kumanja pansi pali posankhira chinenero; sinthani pomwepo. Pafupi pake pali chizindikiro cha Accessibility, pomwe mungatsegule On-Screen Keyboard n'kulemba pasiwedi ndi mausi. Kiyibodi ya pa sikiriniyi imaonetsa zilembo monga momwe kompyuta ikuzimvera, osati monga zalembedwera pa mabatani anu, ndiye simungasochere. Mukalowa, dinani Windows ndi R, lembani `intl.cpl`, pitani pa Administrative, Copy settings, muchonge pa Welcome screen kuti layout yanu ikhalenso ya pa sikirini yolowera.

Pa Linux nkhaniyi ili ndi magawo angapo, chifukwa kompyuta imodzi imatha kukhala ndi ma layout osiyana pa malo osiyana. GRUB, mndandanda womwe umabwera Linux isanayake, imagwiritsa ntchito US pokhapokha wina atasintha. Pofunsa mawu otsegulira disiki yokhomedwa ndi LUKS, layout imachokera mu initramfs, fayilo yomwe Linux imayambira nayo isanatsegule disiki. Sikirini yakuda ya malamulo ili ndi yake, ndipo desktop ili ndi yakenso. Munthu amasintha imodzi n'kuganiza kuti wasintha zonse. Ngati mawu anu achinsinsi ali ndi zizindikiro monga @, # kapena \, yesani kuwalemba ngati kuti kiyibodi ndi ya US, kenako ngati ya UK. Mukalowa:

- `localectl status` imaonetsa layout ya sikirini yakuda ndi ya X11, njira yakale yoonetsera desktop.
- Pa Debian ndi Ubuntu, `sudo dpkg-reconfigure keyboard-configuration` imakonza fayilo ya `/etc/default/keyboard`. Tsatizani `sudo update-initramfs -u` kuti kusinthako kufike pofunsa mawu a disiki.
- Pa Fedora ndi Arch, layout ya sikirini yakuda ili mu `/etc/vconsole.conf`, ndipo initramfs imamangidwanso ndi `dracut -f` pa Fedora kapena `mkinitcpio -P` pa Arch.
- `loadkeys us` imathandiza mwamsanga pa sikirini yakuda, `setxkbmap us` pa X11. Zonse ziwiri ndi zakanthawi, ndipo `setxkbmap` sisintha layout ya desktop ya Wayland, njira yatsopano yomwe ikulowa m'malo mwa X11.

Malangizo anga: mawu otsegulira disiki akhale aatali, a mawu angapo olumikizana, m'malo modzaza zizindikiro zomwe zimasamuka layout ikasintha.

Kiyibodi ikuyenda mu BIOS koma yati zii mukafika mu Windows kapena Linux

Pa Windows yambani ndi chophweka. Sankhani Restart, osati Shut down. Chifukwa cha Fast Startup, Shut down imasunga mbali ina ya momwe makina analili, vuto n'kudzukanso nalo, pomwe Restart imayambira pachiyambi.

Zikakanika, dinani Start ndi batani la kumanja la mausi, tsegulani Device Manager, pitani pa Keyboards, chotsani kiyibodiyo ndi Uninstall device, muyambitsenso makina. Windows idzaikanso yokha driver, kapulogalamu koyendetsa kiyibodiyo. Ngati vuto linayamba mutangoika update kapena pulogalamu ina, ichotseni. Mapulogalamu ena a chitetezo ndi a makiyibodi a masewera amadziika pakati pa kiyibodi ndi Windows, ndipo akachotsedwa mosamaliza amasiya dzina lawo mu registry, pa UpperFilters, pomwe nthawi zonse pamakhala `kbdclass`. Chizindikiro chake ndi Code 19 kapena Code 39 mu Device Manager. Ngati simunagwirepo registry, gwiritsani ntchito System Restore m'malo mokonza pamanja.

Pa Linux, kiyibodi ndi mausi zikafera pamodzi pa sikirini yolowera, kawirikawiri mwina fayilo ya mu `/etc/X11/xorg.conf.d/` yalembedwa molakwika, kapena phukusi la libinput, loyendetsa kiyibodi ndi mausi, lachotsedwa limodzi ndi mapulogalamu ena. Yesani Ctrl, Alt ndi F3 kuti mufike pa sikirini yakuda. Zikakana, yambitsaninso makina, onetsani GRUB pokanikiza Shift kapena kudina Esc, dinani `e`, onjezani `systemd.unit=multi-user.target` kumapeto kwa mzere womwe ukuyamba ndi mawu akuti `linux`, kenako F10. Makina adzayaka opanda desktop, ndipo kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha. Mukalowa:

- Fayilo yomwe munasintha komaliza musaifufute. Isinthireni dzina ndi `mv` kuti mudzathe kuibweza.
- Pa Ubuntu ndi Debian ikaninso driver ndi `sudo apt install --reinstall xserver-xorg-input-libinput`.
- Ngati vuto likugwira akaunti imodzi yokha, yang'anani `~/.Xmodmap` ndi `~/.xprofile`. Pa GNOME, `gsettings reset org.gnome.desktop.input-sources xkb-options` imabweza zosintha za mabatani, ndipo ndi bwino kuiyendetsa muli mu desktop ya akauntiyo.

Kompyuta yauma, kapena sikufika n'komwe pa sikirini yolowera

Ngati yangouma, dikirani mphindi zingapo, makamaka ngati ikuika update. Pa Windows yesani Ctrl, Alt ndi Del. Pa Linux, kanikizani Alt ndi SysRq (kawirikawiri ndi batani la PrtSc), mudine S, U, B mmodzimmodzi mosathamanga: S amalemba pa disiki zomwe zinali zisanasungidwe, U amatseka disiki kuti isalembedwenso, B amayambitsanso makina. Zonse zikakanika, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi 10.

Ngati Windows ikukanika kuyaka, mufunika sikirini yokonzera ya buluu. Mukadula kuyaka kwa Windows ndi batani loyatsira kawiri kapena katatu motsatizana, imatsegula yokha Automatic Repair. Ngati sikirini yolowera ikuoneka, kanikizani Shift podina Restart. Pitani pa Troubleshoot, Advanced options, muyese motsatana:

1. *Startup Settings*, Restart, kenako 4 kuti mulowe Safe Mode, pomwe Windows imayaka ndi zofunikira zokha. Mukalowa, koperani mafayilo anu pa fulashi kapena disiki ina musanakonze kalikonse.
2. *Uninstall Updates*, ngati vuto linadza ndi update.
3. *System Restore*, yomwe imabweza ma driver, registry ndi mapulogalamu momwe zinalili tsiku lina, osakhudza zolemba ndi zithunzi zanu.
4. *Startup Repair*.

Reset this PC ikhale yomaliza. Ngakhale mutasankha Keep my files, mapulogalamu onse omwe munaika amachoka, ndipo Remove everything imafufuta zonse.

Pa njira zimenezi Windows ikhoza kufunsa kiyi ya BitLocker, chokhomera disiki cha Windows. Kiyiyo ndi ya manambala 48. Makompyuta ambiri atsopano amabwera disiki ili yokhomedwa kale mwini wake osadziwa. Kiyiyo imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft, yomwe mungaitsegule pa foni, kapena kwa oyang'anira makompyuta ngati makinawo ndi a kuntchito. Popanda kiyi imeneyi palibe katswiri amene angatsegule mafayilo anu. Ngati kompyuta yanu ikuyenda bwino lero, ipezeni lero lomwe, muilembe papepala.

Sikirini yokonzera ikapanda kutuluka, pangani fulashi yoyatsira pa kompyuta ina. Ya Windows imapangidwa ndi Media Creation Tool pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndipo zonse zomwe zinali pa fulashiyo zimafufutika. Mukayatsira pa iyo, sankhani Repair, osati Install. Fulashi ya Ubuntu ndi yothandizanso kwambiri: sankhani Try Ubuntu, ndipo mungathe kukopera mafayilo kuchokera pa disiki ya Linux kapena ya Windows yosakhomedwa, osasintha kanthu pa makinawo.

Pa Ubuntu yomwe ili pa makina, GRUB ili ndi Advanced options. Yesani kaye kernel yakale (kernel ndi mtima wa Linux), chifukwa kawirikawiri imayaka pomwe yatsopano yakana. Ikakana nayonso, lowani recovery mode, sankhani root, mulembe `mount -o remount,rw /` kuti muthe kusintha mafayilo. Kuti mufike pa sikirini yokonzera pa Mac ya Intel, kanikizani Command ndi R poyatsa; pa ya Apple silicon kanikizani batani loyatsira mpaka Options itaoneka.

Pomwe muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Madzi kapena chakumwa chatayikira pa laputopu. Zimitsani nthawi yomweyo, zulani chaja, ndipo musayatsenso kuti muone ngati ikugwira ntchito. Kuyatsako n'komwe kumawotcha motherboard.
- Kiyibodi kapena touchpad yatukuka, kapena thupi la laputopu layamba kung'ambika m'mbali. Batire latupa. Musalikanikize, musaliboole, musatchajenso. Lingathe kuyaka moto.
- Mzere wonse wa mabatani wafa, ngakhale mu BIOS. Ndi kachingwe kopyapyala ka mkati kapena kiyibodi yeniyeniyo. Pa malaputopu ambiri opyapyala kiyibodi imakhala yomatidwa ku chivundikiro cha pamwamba, ndipo kuisintha kumafuna kumasula makina onse. Pakadali pano ya USB ikuthandizani.
- Disiki ikulira kuti tik tik, kapena sikuoneka mu BIOS. Zimitsani. Kuyatsa kulikonse kumachepetsa mwayi wopulumutsa mafayilo, ndipo mapulogalamu okonzera disiki angawonjezere chiwonongeko.
- Fungo la kupsa, kapena makina akungolira bipu osaonetsa kanthu.
- Mabatani ndi mausi zikuyenda zokha, mawindo akutseguka okha. Zulani kiyibodi ndi mausi zakunja. Zikapitirira ndipo palibe batani lokanirira, dulani intaneti, musinthe mapasiwedi anu ofunika pa chipangizo china.
- BIOS ikufunsa pasiwedi yomwe simuidziwa, kapena kompyutayo ndi ya kuntchito kapena ya waranti. Pitani kwa oyang'anira makinawo kapena kwa amene anakugulitsani musanamasule sikulu iliyonse.

Popita kwa katswiri, tengani chaja, kiyi ya BitLocker ngati ilipo, ndi disiki yokoperapo mafayilo. Muuzeni zomwe zinachitika vuto lisanayambe ndi zonse zomwe mwayesa kale, ngakhale zomwe mukuona kuti munalakwitsa, chifukwa zimamufupikitsira ntchito. Ndipo musanamusiyire makinawo, nenani momveka bwino kuti asafomate kapena kuikamo Windows yatsopano asanakuimbireni ndi kukuonetsani kuti mafayilo anu akopedwa.